Mtedza wa Nanjiri ndi Madayisi a Gologolo

Padangotero. Muyankhe kuti tili tonse, ngakhale ndikudziwa kuti ena maso ali pa foni.

Panali Mng'azi, bwana wa mimba yake, amene anatsegula nyumba ya njuga kuseri kwa msika. Anaikamo tebulo lalitali ndi madayisi awiri oyera. Masewera ake sankafuna sukulu. Umaika katundu wako patebulo n'kuponya madayisi awiriwo. Bola madontho ake pamodzi asakhale seveni, umadya, iwe ndi onse amene aika zawo kumbuyo kwako. Seveni ikangotuluka, Mng'azi ankasesa zonse ndi mchira, n'kunena kuti pepani, mawa n'tsikunso.

Poyamba nyama zinkaopa kulowamo. Ndiye Mng'azi analemba ntchito Gologolo.

Gologoloyu anali ndi foni yaikulu kuposa mutu wake, jekete yobwereka, ndi magalasi amene ankavala maso ali bwinobwino. Anadzipatsa yekha udindo wa Pulofesa wa Dzanja. M'mawa, nyumba isanatsegulidwe, ankaimika foni patebulo n'kumaponya madayisi mpaka mkono kuwawa. Seveni inkatuluka ngati nsabwe m'chigamba. Akatopa ankakhala pansi n'kudula maseveni onsewo, kusiya mokoma mokhamokha. Vidiyo ikatuluka, inu, Gologolo ankangodya, kudya, kudya. Mng'azi ankamulipira, ndipo ofuna kuphunzira dzanjalo ankamulipiranso. Kudya uku ndi uku ngati chiwala cha m'dimba.

Vidiyo iliyonse inkayamba ndi kanyimbo kake. Kanali kafupi, konena kuti mwayi ndi wa aulesi koma dzanja ndi la ophunzira, ndipo kankathera ndi likhweru. Kankakanirira m'mutu ngati chisoso pa chitenje. Ngakhale ana oyamwa ankakang'ung'uza.

Pakhomo pa nyumba ya njugayo sipankatha mtsutso. A Nungu, madala amene anayamba kuponya tsiku lotsegulira, ndiwo ankatsogolera.

"Madayisi amamva dzanja, ine ndikukuuzani," anatero a Nungu. "Dzulo ndinatsala pang'ono."

"Madala, mwakhala mukutsala pang'ono chiyambire chaka chatha," anayankha a Khwangwala, mkulu wa mpingo wa kolala yoyera. "Gologolo akanakhala kuti amalamuladi madayisi, bwenzi akuvutika ndi kuphunzitsa inu? Wapeza uchi m'phanga amaitana mudzi?"

"Ndi mtima wabwino umenewo."

"Mtima wabwino wolipiritsa pakhomo?"

"Nanga inu a mpingo mumadzatani kuno tsiku ndi tsiku?"

"Ine ndimadzaona tchimoli pafupi, kuti ndikamalalikira ndizinena zimene ndaona ndi maso."

"Ndi thumba la nyemba kukhwapako?"

"Ntchito ya Ambuye imafuna zipangizo, madala."

Pambali panaima Njiri, khutu lili tcheru. Njiri anali mlimi wamphamvu, wosamwa, wosamenya mkazi. Vuto lake linali limodzi: mutu wake unali ngati dothi lonyowa, aliyense wopondapo ankasiya phazi. Kunyumba anali ndi mkazi wake Nanjiri ndi ana, wamkulu dzina lake Sekani. Analinso ndi mtsuko umodzi womata pakamwa ndi dothi, mmene Nanjiri ankasungamo mbewu ya mtedza wa chalimbana yodzala mvula ikagwa. Mtedza ndiwo unkawadyetsa, ndiwo unkawaveka.

"Bambo a Sekani," Nanjiri ankatero, "m'nyumba muno zonse ndi zanu. Koma mtsuko uwu ndi chaka chamawa cha ana."

Njiri anatenga lichero la mapira n'kukalipira phunziro loyamba.

"Akulu, mwabwera pamalo oyenera," anatero Gologolo akukonza magalasi. "Madayisi muziwayala chonchi, madontho atatu ayang'ane kumwamba. Muziwagwira ngati dzira. Poponya, muziponya ngati mukugoneka mwana wodwala. Pitani mukayeserere."

Njiri anafika kunyumba akuimba kanyimbo kaja mpaka pa likhweru.

"Mayi a Sekani, tandisemereni madayisi awiri a makaka, ndiziphunzirira."

"Chinangwa chimenechi n'chodya, bambo."

"Posachedwapa muzidya buledi wa batala."

Nanjiri anasema makaka awiri, n'kuwotcha madontho ndi waya wamoto. Bambo wa pakhomo anagwada pabwalo tsiku lonse akuponya chinangwa, anzake ali kumunda kusosa. Atadzimva kuti wapsa, anasenza nyemba zodya, ulendo kwa Mng'azi. Anayala madayisi, anawagwira ngati dzira, anaponya.

Seveni. Mchira wa Mng'azi unasesa.

"Pulofesa, zakanika," Njiri anadandaula.

"Tandionetsani ziboda. Aaa! Akulu! Ziboda zimenezi n'zofukulira mbatata. Mukazipale zikhale see, ngati za mlembi wa ku ofesi."

Njiri anapala ziboda pamwala mpaka ankayenda ngati waponda phulusa lamoto. Anagwadanso pabwalo, anaimbanso kanyimbo mpaka pa likhweru. Kenako anatenga khasu ndi bulangete.

"Mukupita nazo kuti zimenezo?" anafunsa Nanjiri.

"Zikukaitana zinzake."

Seveni. Mchira unasesa.

"Pulofesa, ziboda ndinapala, koma zakanikanso."

Gologolo anaganiza kwambiri, dzanja lili pachibwano. "Tandiuzani chilungamo. Poponya paja, munapuma mpweya?"

"Eya, ndinapuma."

"Ndiye mukudabwa chiyani? Mpweya umagwedeza phewa, phewa limagwedeza mkono. Koma zimenezi ndimafotokoza mu vidiyo ya mamembala okhaokha. Si ya aliyense."

Tsiku lotsatira Nanjiri anapita ndi ana ku sikelo. Njiri anatenga chitenje cha mkazi wake chopitira ku tchalitchi n'kukalipira umembala. Vidiyo ya mamembala inali yomwe ija, kungoti Gologolo anavala tayi. Njiri anaionera n'kumva kuti tsopano maso atseguka. Anayang'ana m'nyumba. Munatsala mphasa, mbale, ndi mtsuko uja. Anaswa dothi la pakamwa, n'kukhuthulira mtedza m'thumba.

Patebulo anagwira mpweya mpaka maso kutong'oka, mitsempha ya m'khosi ili njoo. Anaponya mofatsa, moti mwana wodwala sakanadzuka.

Seveni.

Nanjiri atabwera n'kupeza mtsuko uli kukamwa yasa, sanalire. Anatsitsa mwana kumsana, anamwa madzi, n'kuyang'ana mwamuna wake amene anali atakhala pakona ngati katundu wosagulidwa.

"Ndinatsala pang'ono," Njiri anatero chapansipansi.

"Ndikudziwa, bambo. Nonse kumeneko mumatsala pang'ono."

Mvula inali itayamba kale kugunda. Nanjiri anamanga mpango n'kupita yekha kwa Mng'azi. Thumba la mtedza wake analiona ndi maso, lili kuseri kwa mpando wa bwanayo.

"Bwana, ndagwira mwendo wanu. Nyemba idyani, khasu sungani. Koma mtedzawo ndi mbewu."

"Mayi, ine ndine munthu wa malamulo," anatero Mng'azi akunyambita milomo. "Chimene tebulo ladya chimabwerera patebulo pomwepo. Lamulo la nyumba ino aliyense amalidziwa: amene tamudyera sitimukaniza kuponyanso. Tsiku limene ndingamukanize, ndiye kuti ndibweze zake zonse. Koma kasitomala wabwino ngati amuna anuwo, ndiwakanizirenji? Auzeni abwere ndi mphasa."

Potuluka anapeza Gologolo atakhala pakhonde, akutokosa foni. Nanjiri mavidiyo ake anali atawaonerapo pa foni ya mnansi wake Nkhanga, ndipo iye sankayang'ana madayisi ayi. Ankayang'ana kapu ya tiyi imene inali m'mbali mwa tebulo. Inkakhala yodzaza, kuphethira kamodzi yatha, kuphethiranso yadzaza, popanda woithira. Mayi aliyense amene anasiyapo shuga m'nyumba ya ana amadziwa kuti zinthu sizichepa zokha, ndipo sizidzaza zokha.

Anagwada mwaulemu wonse. "A Pulofesa, ine sindinapite patali ndi sukulu. Tandiuzani, aja a m'tauni amene amajambulanso mavidiyo ngati anuwa, nawonso ali nalo dzanja?"

"Amenewo? Mbava zokhazokha, mayi! Amadula. Akaluza amadula, n'kulumikiza."

"Kalanga ine! Ndiye munthu angadziwe bwanji?"

"Inu simungadziwe. Koma ine, podula pakhale paching'ono ngati diso la nyerere, ndimapaona. Vidiyo yabodza ili ndi msoko. Yopanda msoko ndiye yoona, basi."

"Zikomo a Pulofesa. Mwandiphunzitsa ulere."

"Musauze anthu," anatero Gologolo.

Kunyumba, Nanjiri anasankha makaka awiri oyera bwino. Anawasema mosamala kuposa poyamba, anaboola mbali imodzi, analowetsamo mutu wa msomali, n'kumata ndi phala la chinangwa chomwecho. Atauma anawayesa kuseri kwa nkhokwe. Folo ndi folo. Anayesanso. Folo ndi folo. Akale aja anawataya m'moto.

"Bambo a Sekani, ndinalakwa kukukwiyirani. Munthu sasiya sukulu mayeso ali pafupi. Nawa madayisi anu, ndawapukuta."

Njiri anatsala pang'ono kulira. "Ndinkadziwa kuti tsiku lina mudzandimvetsa."

Anagwada, anayala, anagwira mpweya, anaponya. Folo ndi folo. Anaponyanso. Folo ndi folo. Kachitatu anakuwa moti agalu a mudzi wina anayankha.

Nanjiri anaitana Nkhanga, mayi amene nkhani siinkagona m'kamwa mwake. Za misomali sanamuuze.

"Anzanga, tabwerani ndi foni mudzaone zodabwitsa. Koma mukayamba kujambula musaimitse, ngakhale mkono uchite dzanzi."

Nkhanga anajambula ndi kafoni kake kong'aluka galasi. Njiri ankaponya, madayisi ankamvera. Kumbuyo kwake Sekani anagwa, analira, anatonthola, anayambanso kusewera, zonse zili m'vidiyo momwemo. Amayi a pafupi anasonkhana n'kuyamba kuimba kanyimbo ka Gologolo kaja, koma pa dzina la Pulofesa anaikapo la Njiri, ndipo pa likhweru anaikapo nthungululu.

"Koma musatumizire aliyense," anatero Nanjiri.

"Ine? Mukundidziwa," anatero Nkhanga.

Dzuwa lisanapendeke, vidiyo inali itafika kwa aliyense wokhala ndi foni, ndi kwa obwereka omwe. Nanjiri anachotsa misomali, anasinja makaka aja, ana n'kumwa phala. Mwamuna wake anamuuza kuti madayisi awasungira pabwino kuti anansi asawalodze.

Vidiyo inafikanso kwa Gologolo. Anaseka, n'kuyamba kufuna msoko. Anaionera kamodzi. Anaionera pang'onopang'ono. Anavula magalasi kuti aone bwino. Mwana uja anagwa, analira, anatonthola, popanda kudumpha paliponse. Msoko panalibe.

Mng'azi anamuitanira m'chipinda. "Iwe, chimenechi n'chiyani?"

"Bwana, sinadulidwe."

"Yang'ananso."

"Ndayang'ana mpaka batire kutha."

"Si iwe unandiuza kuti za dzanjazi unangopeka uli m'bafa?"

"Ndinapekadi, bwana." Gologolo anayang'ana zikhatho zake ngati waziona koyamba. "Koma mwina ndinapeka zoona."

M'mawa mwake Njiri ananyamuka ndi mphasa pamutu, Nanjiri ali pambuyo. Atafika, Nanjiri anaima pakhomo n'kuyang'ana khamu. Iye ankayembekeza anthu ochepa oti aopseze Mng'azi, koma kunabwera dziko lonse. Ena ndi matumba a chimanga, ena ndi njinga, wina ndi chitseko cha nyumba yake. A Nungu anabwera ndi bedi. A Khwangwala anabwera ndi chimanga cha masika cha ku mpingo.

"Inunso?" anafunsa a Nungu. "Suja munkati wapeza uchi saitana mudzi?"

"Ndinkanena za Gologolo. Uyu ndi Njiri, alibe nzeru zonamizira."

Onse anaunjika katundu kumbuyo kwa Njiri mpaka tebulo kulira. Nanjiri anadziwa kuti Mng'azi akangoti ponyani, ndi madayisi enieni opanda msomali, mudzi wonse ugona ndi njala, ndipo mtedza wake sadzauonanso. Koma anakweza mawu, nayambitsa yekha kanyimbo kaja, khamu lonse n'kuvomera mpaka malata kunjenjemera.

Mng'azi anayang'ana muluwo. Akadya, ndiye kuti walemera mpaka kufa. Akadyedwa, alipira ndi chiyani? Nyumba, tebulo, ngakhale chikopa chake sizikanakwana. Anatembenukira kwa Gologolo.

"Pulofesa, nena pamaso pa anthu. Munthu angalamuledi madayisi?"

Gologolo anayang'ana ophunzira ake onse amene anawadyera mapira ndi zitenje. Anayang'ana minga ya a Nungu imene inali itayamba kuima.

"Angathe, bwana," anatero. "Uyu ndiye wophunzira wanga woyamba kukhoza."

Njiri anatola madayisi. Anagwada. Anawayala madontho atatu kumwamba, anawagwira ngati dzira, anakoka mpweya n'kuugwira. Lilime la Mng'azi linkangotuluka ndi kulowa. Nanjiri anatsinzina. Mkono wa Njiri unabwerera m'mbuyo.

"Imani!" anakuwa Mng'azi, n'kugwira mkonowo ndi manja awiri. "Uyu saponya pano."

Khamu linaphulika. "Lamulo! Lamulo!"

"Bwana, lamulo munaika nokha," anatero a Nungu. "Mwamudyera. Mukamukaniza, bwezani."

"Ndibweza! Tengani!" Mng'azi anakoka thumba la mtedza, khasu, bulangete, ndi nyemba zimene zinatsala. Chitenje anachita kuchotsa m'chikwama cha Gologolo.

Nanjiri anakhala pathumba paja n'kuyamba kulira ngati pamaliro. "Mayo ine! Mwatiphera mwayi! Chabwino, bwana, lero mwakana. Koma mawa abweranso."

"Mawanso ayi!"

"Ndiye mkuja."

"Moyo wake wonse asadzapondenso pakhomo pano!"

"Mayo! Basi, bambo a Sekani, musadandaule. Nyumba za njuga n'zambiri. Mudzapita kwa anzawo a bwanawa, mukawauze kuti akutumizani ndi a Mng'azi."

"Anzanga onse ndiwatumizira chithunzi chake lero lomwe! Kulikonse kumene kuli dayisi, uyu akangofika pageti amubweze!"

Nanjiri analira mokweza kwambiri, uku akumanga pakamwa pa thumba mfundo ziwiri.

Mukuganiza kuti enawo anatolapo nzeru? Ataona kuti nyumba yaopa wophunzira wa Gologolo, anathamangira kukalembetsa umembala. A Khwangwala ndiwo anali patsogolo pa mzere. Koma amene anakhulupirira kuposa onse anali Pulofesa mwini wake. Sanagone nazo. Anati ngati Njiri wa ziboda wakhoza, nanga ine mwini sukulu, wa zala zanga? Anaika patebulo malipiro ake onse, jekete ya eni ake, ndi foni yomwe. Anayala, anagwira ngati dzira, anagwira mpweya, anaponya koyamba m'moyo wake popanda podula.

Mchira wa Mng'azi sudziwa wantchito. Unasesa, ndipo bwana anati pepani, mawa n'tsikunso.

Mvula inagwa sabata yomweyo. Nanjiri anadzutsa mwamuna wake, anamupatsa khasu, ulendo kumunda. Njiri ankayenda mchira uli chilili m'mwamba, ndipo mpaka lero sanautsitse. Aliyense wokumana naye ankamuimitsa.

"Achimwene, mwamva? Ine ndine uja analetsedwa m'nyumba zonse za njuga. Amandiopa. Chithunzi changa chili pageti paliponse."

Ali kumunda anapumira pakhasu n'kupukusa mutu. "Mayi a Sekani, mukudziwa kuti lero bwenzi muli mkazi wa mpondamatiki? Nsanje ya Mng'azi basi."

"Zoona, bambo. Dzanja ngati lanulo n'loopsa, dziko silinakonzeke." Anamupatsira mbale ya mtedza. "Taliyesani apa. Njere imodzi, phando limodzi. Ndipo mpweya muzipuma, mizere ikadali yambiri."

Yathera pamenepa. Amene anasiya mbatata pamoto akaphule yekha, ine manja ali ndi mwana.